Musanathamangire kwa mmisiri, yang'anani singano

M'nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Kawale, ku Chipata ngakhale kumidzi ya ku Ntcheu muli makina osokera amene anasiya kalekale kulira. Mutu wake wakuda wa maluwa agolide anaupindira m'kati mwa thebulo, pamwamba anayalapo kansalu koluka, ndipo lero pakukhala wailesi kapena chithunzi cha ukwati. Mlendo akafunsa, eni nyumba amayankha mwachidule: "Anafa amenewo." Akafunsitsa, nkhani imakhala yakuti ulusi unayamba kudukaduka, kapena kunsi kwa nsalu kunkatuluka chimtolo cha ulusi wopiringizana. Kenaka kunabwera mlamu wodziwa zonse ndi sikuludiraiva m'manja, anapotoza apa ndi apo, basi makinawo anathera pomwepo.

Komatu makina amenewa kufa kwake n'kovuta. Thupi lake ndi chitsulo chokhachokha, ndipo m'kati mwake mulibe chachilendo. Amisiri okonza makina amadziwa kuti ambiri mwa makina amene anthu amabwera nawo pa kabaza sakhala othyoka penapake. Vuto limakhala singano yobuntha, ulusi wolowetsedwa molakwika, fumbi lodzaza kunsi, kapena mafuta amene sanayenere kuthiridwamo. Zonsezi mwini makina angathe kuzikonza yekha atakhala pampando wake, bola atamvetsa zimene zimachitika kunsi kwa nsalu, kumene maso saona.

Makina a m'nyumba amasoka ndi ulusi uwiri, wina wochokera pamwamba, wina wochokera pa bobini kunsi. Msoko wa mtundu umenewu ndi umene Elias Howe wa ku America analembetsa ku boma kuti ndi luso lake mu 1846. Isaac Singer anabwera ndi makina ake mu 1851, ndipo kampani yake ndi imene inawafalitsa m'makomo padziko lonse. Fakitale yake yaikulu inali ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow ku Scotland, ndipo inatsekedwa mu 1980. Singer wakale wa nambala yothera ndi chilembo K, monga 15K, anapangidwa kumeneko. Makina a Butterfly ochokera ku Shanghai, amene amapezeka pakhonde la sitolo m'misika yambiri, anatengera kapangidwe ka Singer 15 yemweyo. N'chifukwa chake bobini ndi singano za makina ena zimalowa bwinobwino m'makina anzake, ndipo telala wa ku Mchinji sasowa poyambira akapatsidwa makina amene sanawaonepo.

Singano ikatsika imaboola nsalu itanyamula ulusi wa pamwamba. Ikafika pansi penipeni n'kuyamba kubwerera, ulusiwo umatsalira pang'ono n'kupanga kamphete pambali pa diso la singano. Nthawi yomweyo kangowe ka shatulo, chitsulo cha kunsi chimene bobini imakhalamo, kamadutsa, kamakola kampheteko n'kukazunguliza pa bobini yonse. Pamwamba pali kamkono kamene kamangokwera ndi kutsika. Kamkono ako kamakoka ulusi wotsala, ndipo mfundo ya maulusi awiriwo imakabisala pakati pa nsalu. Mano a kunsi kwa phazi lopondereza nsalu amakankha nsalu kupita kutsogolo, singano imatsikanso. Zimenezi zimabwerezedwa mazanamazana pa mphindi imodzi. Kamphete kaja kakapanda kupangika bwino, kapena kangowe kakakaphonya, makina amadumpha. Ulusi wa pamwamba ukapanda kukokedwa mokwanira, umatsalira kunsi.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Munthu amatembenuza nsalu, amaona chimtolo cha ulusi kunsi, ndipo nzeru imamuuza kuti vuto lili kunsi komweko. Amatulutsa kesi ya bobini n'kuyamba kupotoza kasikuluwu kake. Chonsecho ulusi wopiringizanawo ndi wa pamwamba. Wosakhulupirira aike ulusi wofiira pamwamba, woyera pa bobini, asoke pa kansanza, aone mtundu wa ulusi umene waunjikana kunsi.

Chimene chimachititsa kawirikawiri n'chaching'ono zedi. Kutsogolo kwa mutu wa makina kuli timbale tiwiri tachitsulo timene timapana ulusi kuti uziyenda mokhwima, pamene atelala amapatcha pa tenishoni. Phazi likakwezedwa, timbaleto timatseguka. Likatsitsidwa, timatsekeka. Wolowetsa ulusi phazi lili pansi amangoudutsitsa pamwamba pa timbale totsekeka, ndipo ulusi umayenda wopanda choupana. Zimachitikanso kuti ulusi wapulumuka pa kamkono kokwera ndi kutsika kaja, kapena wosoka waiwala kutsitsa phazi chifukwa nsalu ndi yochindikala moti sizikuoneka. Mankhwala ake ndi kuchotsa ulusi wonse, kukweza phazi, kukweza singano mpaka pamwamba, n'kuulowetsanso mofatsa osadumpha bowo ngakhale limodzi. Pali njira yotsimikizira. Phazi lili m'mwamba, ulusi uzikokeka mosavuta. Likatsika, uzilimba m'dzanja. Ngati palibe kusiyana, ulusi sunalowe pakati pa timbale, kapena pakati pake pakanirira kachidutswa ka ulusi wakale kamene kayenera kuchotsedwa ndi kansalu kouma.

Ndi pokhapo zimenezi zikatheka pamene wosoka angakhudze chopotoza cha tenishoni, nachonso pang'onopang'ono. Ulusi wa pa bobini ukamaonekera pamwamba pa nsalu, kapena msoko ukamakwinyika, ndiye kuti ulusi wa pamwamba wakhwima kwambiri. Wa pamwamba ukamaonekera kunsi, walobodoka. Pa makina a manambala oyambira 0 kufika 9, nsalu zambiri zimasokeka bwino chapakati, cha pa 4.

Kasikuluwu ka pa kesi ya bobini kazikhala komalizira kukhudzidwa. Atelala ali ndi njira yawo yoyesera. Amaika bobini yodzaza m'kesi, amagwira nsonga ya ulusi n'kulendeweretsa kesiyo m'mwamba. Ikakhala bwino imalendewera osagwa, ndipo dzanja likagwedezedwa pang'ono imatsika masentimita ochepa n'kuimanso. Ikathamangira pansi yokha ndiye kuti yalobodoka, ikakana kusuntha ndiye kuti yakhwima. Popotoza, gawo limodzi la magawo anayi a mzungulo ndi lambiri kale. Ndi bwino kuchitira zimenezi pamwamba pa mbale, chifukwa kasikuluwuko kakagwera pansi pa nyumba yozira sikapezekanso.

Singano ndiye chinthu chotsika mtengo kuposa zonse pa makina, koma ndi imene anthu amaumira nayo kwambiri. Ambiri amaisintha pokhapokha ikathyoka. Opanga singano amalangiza kuisintha ikasoka pafupifupi maola 8, chifukwa nsonga yake imabuntha ngakhale maso sakuona. Khutu limamva: singano yobuntha imagogoda nsalu kuti thu, thu, thu m'malo moboola mwakachetechete. Imakoka ulusi wa nsalu, imasiya timabowo, imadula ulusi. Yopindika imaonekera ikagonekedwa pa galasi kapena pa thebulo losalala, nsonga yake imaloza kumbali.

Manambala a pa paketi ali ndi tanthauzo. Pa 90/14, nambala yoyambayo ikunena kunenepa kwa singano, 0.9 ya milimita, ndipo yachiwiriyo ndi muyeso wa ku America wa singano yomweyo. Nsalu yopepuka ya bulauzi imafuna 70/10 kapena 80/12. Chitenje ndi nsalu ya yunifolomu zimayenda bwino ndi 90/14. Jinzi ndi khaki wokhuthala amafuna 100/16, mwinanso 110/18. Nsalu zotamuka monga za tisheti zimafuna singano ya nsonga yobulungira, yolembedwa kuti ballpoint kapena jersey, imene imadutsa pakati pa ulusi wa nsalu osaudula. Wosoka tisheti ya pa kaunjika ndi singano wamba asadabwe makina akamadumpha.

Pali msampha wina m'sitolo. Singano za makina a m'nyumba zili ndi mbali imodzi yophwatalala kumutu kwake, ndipo pa paketi pamalembedwa HAx1, 15x1 kapena 130/705H. Za makina akuluakulu a m'mafakitale, monga DBx1, ndi zobulungira mutu wonse. Zonse zimagulitsidwa pa kauntala imodzi, ndipo wotumidwa kukagula amangonena kuti akufuna singano ya makina. Yolakwikayo ikhoza kulowa, koma siyikhala pamalo pake.

Ngakhale singano yoyenera ikalowetsedwa chozondoka, makina sasoka. Mbali imodzi ya singano ili ndi kangalande kakatali kotsika mpaka pa diso, mmene ulusi umabisala pamene singano ikuboola nsalu. Lamulo lake n'lakuti ulusi umalowa m'diso kuchokera mbali imene kuli kangalandeko. Pa Butterfly ndi ma Singer 15 ambiri akale, mbali yophwatalala imayang'ana kumanja, ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Pa makina amakono, mbali yophwatalala imayang'ana kumbuyo, ulusi umalowa kuchokera kutsogolo. Singano ikankhidwe mpaka igunde pamwamba isanamangidwe. Ikatsala pang'ono pokha, kangowe kamaphonya kamphete.

Ulusi nawo uli ndi mlandu wake. Umene wakhala pawindo zaka zambiri umafumbwa ndi dzuwa. Wotchipa kwambiri umakhala ndi timfundo ndi ubweya umene umatsalira m'makina. Ukaduka mosavuta poukoka ndi manja, udukanso pa makina. Bobini ikulungidwe mofanana mbali zonse, isadzaze mopitirira, ndipo chizolowezi chokulunga ulusi watsopano pamwamba pa wakale wa mtundu wina chimangobweretsa kukodwa.

Tsopano fumbi. Amene sanatsegulepo chitsulo chophwatalala cha kunsi kwa singano adzadabwa tsiku loyamba. Chimamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. Chikachoka, pakati pa mano pamaoneka chinthu chotuwa, chothinana, chimene ena amaganiza kuti ndi mbali ya makina yochokera ku fakitale. Ndi ubweya wa nsalu zonse zimene zinasokedwapo, utasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe ndi mafuta akale. Chimalepheretsa mano kukwera mokwanira, ndiye nsalu imayenda mozengereza, masitichi amafupika. Chimamwanso mafuta onse a pa shatulo. Mswachi wakale ndi phini zimakwanira kuchichotsa. Kuuzira ndi pakamwa si bwino, chifukwa kumakankhira zinyalala m'kati ndipo mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho chimene chimaitana dzimbiri. Shatulo nayo imatuluka mosavuta pa makina a mtundu wa Butterfly, ndipo njira imene imayendamo ipukutidwe ndi kansalu. Kawirikawiri makina amene gudumu lake laumiratu amakhala kuti kachidutswa ka ulusi kapanikizika m'njira imeneyi.

Pa nkhani ya mafuta m'pamene makina ambiri abwino amaonongekera, ndipo amaonongedwa ndi anthu owafunira zabwino. Makina akayamba kulira, m'nyumba mulibe mafuta ake, mayi amatenga a m'khitchini n'kudontheza. Tsiku limenelo makina amayenda bwino kwambiri. Pakapita miyezi, mafuta ophikira aja amauma n'kusanduka ngati ulimbo wotchera mbalame, ndipo zitsulo zimene zinkatsetsereka zimamatana. Oyilo wa galimoto nayenso ndi wolemera, amakoka fumbi ndi kudetsa nsalu. Mafuta a makina osokera ndi opepuka, oyera ngati madzi, ndipo kabotolo kamodzi kamakhalitsa chifukwa pamalo paliponse pamafunika dontho limodzi lokha: m'timabowo ta pamwamba pa mutu, pa kachitsulo konyamula singano, m'njira ya shatulo, ndi kunsi konse kumene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake mutu ukapendekedwa chammbuyo. Pa timbale ta tenishoni, pa lamba ndi pa kamphira kokulungira bobini pasafike mafuta. Akathiridwa, ndi nzeru kusoka kaye pa nsanza, kuopa kuti diresi la mkwatibwi lingatuluke ndi madontho.

Wosoka tsiku ndi tsiku amadontheza m'njira ya shatulo pafupifupi m'mawa uliwonse. Wosoka mwa apo ndi apo azithira nthawi iliyonse imene akutulutsa makina atakhalitsa.

Nanga makina amene anamatana kale ndi mafuta ophikira? Palafini wa nyale ndiye amawadzutsa. Amadonthezedwa malo onse oyenda, amasiyidwa usiku, ndipo m'mawa gudumu limagwedezedwa uku ndi uku mosakakamiza mpaka litayamba kuzungulira. Zakuda zimene zikutuluka zimapukutidwa, n'kubwerezanso ngati kuli kofunika. Palafini amangotsuka, safewetsa zitsulo, choncho akauma pamafunika mafuta enieni. Kunja kwa mutu kuzipukutidwa ndi kansalu kofewa kodontheza mafuta a makina omwewo. Sipiriti ndi sopo waukali zimafufuta maluwa agolide aja.

Makina opalasa ali ndi zovuta zawo zimene amagetsi alibe. Lamba wake ndi wachikopa, wobulungira, wolumikizidwa ndi kawaya, ndipo amatamuka pakapita nthawi. Akayamba kuterereka, miyendo imapalasa koma singano imayenda mwaulesi. Kawaya kamamasulidwa mbali imodzi, lamba amadulidwa pafupifupi sentimita imodzi, amabooledwa ndi msomali waung'ono n'kulumikizidwanso. Asathine kwambiri, chifukwa makina amalemera ndipo miyendo imatopa msanga. Gudumu lizizungulira cholozera kwa wosoka nthawi zonse. Likabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi ulusi uli m'singano, umaduka kapena kukodwa mu shatulo. Ndiye chifukwa chake aphunzitsi a zosoka amayamba ndi kuchotsa ulusi, wophunzira n'kumangopalasa mpaka miyendo itazolowera, kenaka n'kumaboola mizere pa pepala.

Pali zina zimene zimaopsa chabe. Gudumu likuzungulira koma singano yangoti chilili? Pakati pa gudumu pali chopotoza chonyezimira chimene chimamasulidwa pokulunga bobini, ndipo wina waiwala kuchimanganso. Singano ikuyenda koma nsalu sikusuntha? Mwina chosinthira kutalika kwa sitichi chili pa 0, kapena mano anatsitsidwa ndi mwana amene amasewera ndi chopotoza cha pa thebulo la makina. Anthu alipira ndalama za ulendo wa ku tauni chifukwa cha zinthu ziwiri zimenezi.

Kasokedwe ka munthu kamateteza makina kapena kuwapweteka. Ntchito yoyendetsa nsalu ndi ya mano, manja amangowongolera. Wokoka nsalu kumbuyo kuti ifulumire amapinda singano, singano imamenya chitsulo cha kunsi n'kusiya kachipsera kakuthwa m'mphepete mwa bowo, ndipo kuyambira pamenepo ulusi umaduka popanda chifukwa chooneka. Chala chikayendetsedwa pabowopo chimamva kukalabada, ndipo sandipepa wosalala kwambiri amakuchotsa. Poyamba msoko, nsonga ziwiri za ulusi zigwiridwe kumbuyo kwa phazi mpaka masitichi angapo atalowa. Pomaliza, gudumu lizunguzidwe mpaka kamkono kafike pamwamba, nsalu ndiye ichotsedwe. Masitichi a mamilimita 2.5 amakwanira zovala zambiri.

Kupinda miyendo ya jinzi ya pa kaunjika ndiko kumathyola singano zambiri, makamaka pamene misoko ikukumana n'kupanga chiphiri. Atelala odziwa amaika chiphiricho pa thabwa n'kuchimenya ndi hamala kuti chiphwatalale. Pofika pamenepo amasiya kupalasa, amaika kansalu kopindapinda kumbuyo kwa phazi kuti lisapendekeke, n'kuzunguza gudumu ndi dzanja sitichi imodzi imodzi mpaka atadutsa.

Amene ali ndi makina amagetsi asamale ndi mphatso zochokera kunja. Ku Malawi ndi ku Zambia magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230. Makina ochokera ku Britain kapena ku South Africa amagwirizana nawo, koma a ku America anapangidwira mavoti 120, ndipo akalumikizidwa mwachindunji mota wake amapsa. Kachikwangwani ka pa mota kamanena zonse, kawerengedwe pulagi isanalowe pakhoma. Poyeretsa kapena posintha singano, pulagi izichotsedwa. Makina amakono a pulasitiki, makamaka a kompyuta, sathiridwa mafuta paliponse ngati akale aja, ndipo buku lake ndi limene limanena malo oyenera. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, atelala ena amamangirira kamota pa mutu wa Butterfly koma chopalasira osachichotsa, kuti magetsi akathima angobwezeretsa lamba wachikopa ntchito n'kupitirira.

Sikuti mmisiri alibe ntchito. Singano ikakhala yatsopano ndi yolowetsedwa bwino, ulusi uli m'malo mwake, kunsi kuli koyera, koma makina akudumphabe kapena singano ikumenya shatulo, ndiye kuti nthawi imene kangowe kamakumana ndi singano yasokonekera. Kusiyana kwake kumakhala kwa milimita imodzi kapena iwiri, ndipo kumafuna dzanja lozolowera. Chimodzimodzi mota wonunkha kupsa kapena giya lothyoka mano. Mmisiri wabwino amasoka pa kansanza mwini makina akuona asanalandire ndalama, ndipo mwini makina ali ndi ufulu wopempha zimenezo.

Kusiya makina abwino akuchita dzimbiri n'kutaya chuma. Sukulu zikamatsegulira, mizere ya makolo ofuna mayunifolomu imatalika pamakonde a atelala. Nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi, diresi limatenga masabata kuti lituluke. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, amene anali ndi makina oyenda anasoka zophimba kukamwa ndi mphuno kuchokera ku zidutswa za zitenje n'kupeza ya ndiwo. Bungwe la TEVETA limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, zosoka zili m'gulu lomwelo, ndipo wachinyamata amene kwawo kuli makina amayamba ali patsogolo pa anzake. Ngakhale popanda malonda, nyumba ya ana anayi imene imadzisokera zigamba, mazipi ndi makatani imasunga ndalama zooneka pakutha pa chaka.

Ngati kwanu kuli makina amene anthu anawagamula kuti anafa, gulani paketi ya singano za HAx1 nambala 90/14, kabotolo ka mafuta a makina ndi palafini pang'ono. Sabata ino tsitsani wailesi, tsegulani chitsulo cha kunsi kwa singano, ndipo muyambire pa fumbi musanakhudze sikuluwu ina iliyonse.